Magalimoto a m'Kompyuta ndi Dzanja la a Kachingwe

Takondwa ndi Limbani, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene ndinamalizira ntchito pa kachipatala ka kumudzi pamene anzanga amene tinayambira limodzi anapumira m'tauni. Nthawi zonse ndimakuyankhani kuti boma limatumiza munthu kumene lafuna. Yankho limenelo si labodza, koma ndi theka chabe. Theka linalo ndalilemba pano kuti muliwerenge nokha, musadzachite kumva kwa ena.

Nsaru, zaka zisanu ndi zinayi zoyamba

Ndinayamba ukalaliki pa chipatala chaching'ono kufupi ndi Nsaru ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ntchito yanga inali kukhala pazenera, kulandira timabuku ta odwala, ndi kulemba m'kaundula dzina, mudzi, mfumu ndi zaka. Kusukulu ndinaphunzira kutayipa osayang'ana zala, koma pamalopo makina otayipira analipo amodzi okha, riboni yake itauma kalekale, moti luso langa linkagwira ntchito kamodzi pa mwezi polemba lipoti. Mkulu wathu anali a Chimwaza, munthu wa mawu ochepa amene ankapalasa njinga kuchokera kunyumba ngakhale nyumbayo inali kuseri kwa mpanda. Tsiku langa loyamba anandiuza kuti, “A Nankhoma, pano tilibe zambiri. Chimene tili nacho ndi mzere uwo. Mzere ukamayenda, palibe adzakufunseni kanthu.” Kaundula akatha, wina asanabwere kuchokera ku boma, tinkalemba kuseri kwa makalenda akale, n'kudzakoperanso pambuyo pake. Miyezi ya malungo dzanja linkachita kutupa. Za kumeneko ndilibe zambiri zonena. Ndinakwatiwa, nonse awiri munabadwira komweko, ndipo ntchito inali yomweyomweyo.

Namitete, chaka chimene kompyuta inabwera

Atandisamutsira ku kachipatala ka boma m'dera la Namitete ndinakhala zaka zingapo ndikugwirabe ntchito ya cholembera. Kenaka anatibweretsera kompyuta imodzi yolembera malipoti. Inakhala bwinobwino miyezi isanu. Aliyense wokhala ndi fulashi ankabwera kudzaonerapo zithunzi za ukwati kapena kukopera nyimbo za kwaya, mpaka mavairasi anadzaza, ndipo m'mawa wina inangoyaka n'kuima pomwepo. Tinalembera ku boma, anatiuza kuti tidikire. Titadikira miyezi iwiri, mkulu wa pamalopo anandilola kuinyamula kupita nayo kwa a Jafali.

A Jafali anali ndi sitolo ya mafoni ndi mabatire pamsika wa Namitete, imene anasiyiridwa ndi bambo awo. Anali munthu wa msinkhu wanga, wandevu zoyamba imvi, ndipo kuseri kwa kauntala ankakonza makompyuta a masukulu ndi a mipingo. Ataiyang'ana anati, “Ndikhoza kukubwezerani zomwe zinalimo, koma pakatha mwezi mudzabweranso. Kapena ndikuikireni Linux.” Ndinafunsa kuti chimenecho n'chiyani. Iwo anati, “Ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse. Iyi ilibe mwini mmodzi. Anthu ambirimbiri amaikonza mothandizana, ndipo aliyense ndi womasuka kuikopera ndi kupatsako mnzake. Mavairasi a m'mafulashi mwanuwa saigwira kawirikawiri.” Ndinavomera chifukwa lipoti linali litachedwa kale, osati chifukwa ndinamvetsa.

Vuto langa linali mausi. Zala zanga zinazolowera mabatani, koma kamuvi kapasikirini kankandithawa. A Jafali ataona mmene ndinkavutikira anati, “Inu mayi, musewere magemu. Palibe mphunzitsi woposa ameneyo.” Anandiikira ya makhadi, ya njoka yodya madontho, ya timabuloko togwa kuchokera m'mwamba, ndi ya mpikisano wa magalimoto. Ya magalimotoyo poyamba inkayenda modukizadukiza chifukwa kompyuta inali yokalamba. Iwo analowa m'kati n'kuchotsa mithunzi, udzu ndi mitambo, msewu n'kutsala wambee ngati wa mu Okutobala, koma galimoto inayamba kuyenda bwino. Madalaivala a ambulansi ankabwera ndi masidi a magemu a mpira ogula m'tauni, ndipo onse ankakana kutseguka. A Jafali anayesa pulogalamu ina imene amati imanamiza gemu kuti ili kwawo. Mpira unatsegukadi, koma osewera onse analibe mitu. Madalaivalawo anasiya kubwera, ndipo ine sindinadandaule. Ndinkasewera nthawi ya nkhomaliro zenera litatsekedwa, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. A Jafali anandiphunzitsanso kazenera kakuda kamene munthu amalembamo malamulo m'malo modina zithunzi. Mmenemo ndiye ndinkamva kukoma, poti ndi kutayipa basi.

Kumbali ya Kabudula, zaka zinayi

Chipatala chachitatu chinali chokulirapo, ndipo sinditchula dzina lake. Bungwe lina linali litapereka makompyuta atatu akale okhala kale ndi Linux: ina kolembetsera odwala kumene ndinkakhala ine, ina kolandirira mankhwala, yachitatu inangokhala m'sitolo yosungiramo katundu wa chipatala itafundidwa nsalu. Anthu ankaiopa Linux chifukwa sinkafanana ndi imene anaphunzira. Zitadziwika kuti ine ndimaidziwa, anandipatsa pasiwedi yaikulu, imene popanda iyo palibe angaikemo kapena kuchotsamo kanthu. Intaneti kunalibe. Ndinatenga magemu aja kwa a Jafali pa fulashi, ndipo ulendo woyamba anakana kulowa chifukwa tizidutswa tina tinatsalira ku Namitete, mpaka ndinachita kubwererako mwezi wotsatira. Anzanga a kolandirira mankhwala atandipempha, ndinawaikiranso. Ichi ndinachita ndekha, palibe anandituma.

Chipinda choyandikana ndi changa chinali cha mafizo, molimbitsira ziwalo za odwala, ndipo munkagwira Mayi Gondwe, mayi wamtali wa ku Rumphi amene sankanyengerera odwala. Mmodzi mwa odwala awo anali a Kachingwe, bambo wa zaka zopitirira makumi asanu amene moyo wawo wonse anayendetsa lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku okushoni. Sitiroko inawagwira akumanga tenti pamwamba pa katundu. Mwendo unabwererako pang'ono, pakamwa panapotoka, koma dzanja lamanja linangolendewera, zala zitapindika. Akazi awo ankabwera nawo pa ngolo Lachiwiri ndi Lachisanu. Mayi Gondwe ankawapatsa kampira kofinya, iwo n'kukaika pabenchi. “Ine ndakweza matani khumi pa chitunda cha ku Dowa mvula ikugwa,” ankatero, “lero mukundipatsa kampira ka ana?”

Lachisanu lina masana ndikusewera ya magalimoto, chitseko chili chotsegula, ndinamva mawu olemera kumbuyo kwanga.

“Mukulowa pakona ndi liwiro, mayi. Buleki amaponda asanafike, osati ali pakati.”

Anali a Kachingwe atatsamira chitseko ndi ndodo yawo. Ndinawauza kuti ngati akudziwa bwino abwere adzayendetse okha. Anakhala pansi n'kuika dzanja lamanzere pa mabatani a mivi, ndipo anagunda khoma kanayi. Ulendo wachiwiri anagunda kamodzi. Mayi Gondwe anaima pakhomo akuonerera, manja ali m'matumba a yunifolomu. Mpikisano utatha anati, “Lachiwiri mudzayendetsanso, koma ndi dzanja linalo. Mukakana, mubwerera ku kampira.”

Zala zawo sizikanatha kudina mabatani aang'onowo. Ndinaimbira a Jafali, ndipo anatumiza pa minibasi kachipangizo kokhala ndi kandodo kopendekera uku ndi uku, kamene munthu angakankhe ndi chikhatho. Titakalumikiza, kompyuta sinakazindikire. A Jafali anandiuza pafoni zolemba m'kazenera kakuda, chilembo chimodzichimodzi, netiweki ikuduka, ine nditaima pafupi ndi zenera foni ili paphewa. Kandodo kanayamba kugwira koma mozondoka: ukakankhira kumanja, galimoto inkapita kumanzere. A Kachingwe anati, “Imeneyi makaniko wake ndani?” Tinakonza tsiku lotsatira.

Tsiku loyamba Mayi Gondwe anamangirira dzanja lija pa kandodo ndi bandeji. Galimoto inangozungulira pamalo amodzi, thukuta likuyenderera m'khosi mwawo, ndipo sanamalize ngakhale ulendo umodzi. Sanakwiye monga ankachitira ndi kampira. Anangoti, “Chiwongolero n'cholimba ichi.” Patatha milungu itatu anamaliza ulendo wonse, ali omaliza pa magalimoto asanu ndi atatu. Patatha miyezi iwiri bandeji inachoka, ndipo chala chachikulu chinayamba kufika pa batani la buleki. Ine ntchito yanga inali kutsegula gemu, kuwasiyira mpando, ndi kudya chinangwa changa pabenchi. Akazi awo anandiuza kuti kunyumba ankakhala pakhonde akupendeketsa mpini wa khasu, kukonzekera Lachisanu.

Chaka chomwecho kunabwera mkulu watsopano, a Mwale, munthu wachangu amene ankafika pantchito tonse tisanafike. Mwezi wawo wachiwiri kunachitika nkhani. Mayi wina amene mwana wake anali atatentha thupi anaima nthawi yaitali kolandirira mankhwala, ndipo atasuzumira pazenera anaona wopereka mankhwala akusanja makhadi pasikirini. Mayiyo anakadandaula ku komiti ya chipatala, ndipo anachita bwino. Pamsonkhano wa Lolemba a Mwale sanakweze mawu. Anati, “Pofika Lachisanu ndisapezenso gemu m'kompyuta iliyonse pano. A Nankhoma, pasiwedi muli nayo ndinu.”

Masana ake Mayi Gondwe analowa kwanga n'kutseka chitseko. “Tiyeni tikawafotokozere za a Kachingwe,” anatero. Ndinakana. Ndinawauza kuti munthu amene wachititsidwa manyazi pamaso pa komiti sangamve zoti gemu ndi mankhwala, ndipo akangonena kuti ayi ndiye kuti njira yatsekeka. “Ndiye mutani?” anafunsa. Ndinati pali njira ina. Iwo anati, “Ine ndiye sindinamve kanthu,” n'kutuluka.

Njirayo inali yosavuta. Kolandirira mankhwala ndinachotsa zonse. Kwanga ndinachotsa makhadi, njoka ndi timabuloko. Ya magalimoto ndinangochotsa chithunzi chake ndi dzina lake pa mndandanda, gemuyo n'kutsala m'kati. Munthu wofufuza ndi mausi sakanaipeza, koma polemba liwu limodzi m'kazenera kakuda inkatseguka monga kale. Ndinaganizira masiku atatu ndisanachite. Ndinali nditatsala ndi zaka zitatu kuti ndipume, ndipo m'failo yanga munalibe kalata yoipa ngakhale imodzi. Ndinkadziwanso kuti a Kachingwe akabwerera ku kampira sadzabweranso kuchipatala. Lachisanu m'mawa a Mwale anabwera ndi wapampando wa komiti, anayang'ana pa mndandanda wa makompyuta onse awiri, kenaka anandifunsa anthu akumva, “Mwachotsa zonse?” Ndinayankha kuti, “Ndachotsa, bwana.”

Zinayenda milungu isanu. Tinkatseka chitseko ndi kuzimitsa mawu a gemu. A Kachingwe sindinawauze chilichonse, poopa kuwasenzetsa nkhani yosawakhudza, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa kuwerengera. Lachiwiri lina anamaliza mpikisano ali achitatu, koyamba. Potuluka anakumana ndi a Mwale pakhonde. Anatsamira ndodo ndi dzanja lamanzere, anakweza dzanja lamanja pang'onopang'ono mpaka linafika, n'kuwapatsa moni.

“Bwana, ndimati ndithokoze. Dzanja ili linali lakufa. Magalimoto anu aja andithandiza.”

“Magalimoto ati, bambo?”

“A m'kompyuta ya mayi awa. Lero ndakhala nambala fili.”

Ndinamva zonse ndili pampando wanga. A Mwale analowa nawo limodzi n'kunena kuti, “Tandionetsani.” Ndinatsegula kazenera kakuda, ndinalemba liwu lija, msewu wambee uja unaonekera. Anapempha a Kachingwe kuti ayendetsenso, ndipo anaonerera mpikisano wonse ataimirira, maso ali pa dzanja, osati pa sikirini. Utatha anawathokoza, anawaperekeza mpaka pa ngolo, kenaka anatuma uthenga kuti ndipite ku ofesi.

Sanandipatse mpando. Anati, “Ndinakufunsani pamaso pa wapampando, munati mwachotsa. Ine ndinakauza komiti yonse zomwezo. Ndiye kuti nanenso ndinanama, eti?” Ndinavomera kuti ndinanama, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Mukanabwera kudzandiuza.”

“Kodi mukanalola, bwana?”

“Sindikudziwa. Sabata imene ija mwina ndikanakana. Koma simunandipatse mpata wokana kapena wolola. Munagamula nokha, chifukwa mukudziwa kuti enafe sitingaone za m'kati mwa makinawa. Mawa ndikadzakufunsani ngati malipoti ali m'menemo ndi oona, ndidzakhulupirira chiyani?”

Anandifunsa ngati Mayi Gondwe ankadziwa. Ndinati anandilangiza kuti tibwere kwa iwo, ine n'kukana, zomwe zinali zoona.

Sabata yomweyo a Mwale anachita zinthu zitatu. Anatulutsa kompyuta ya m'sitolo ija n'kuiika m'chipinda cha mafizo, ndi chikalata chomata pakhoma chonena kuti gemu ya magalimoto ndi ya odwala a Mayi Gondwe okha. Anandiuza kuti ndiikemo gemuyo ndi kandodo kake, ndichotse yanga iwo akuona, ndiphunzitse Mayi Gondwe, kenaka ndipereke pasiwedi kuti isinthidwe. Chachitatu inali kalata yondichenjeza, imene kope lake linapita ku boma. Munalembedwa kuti ndinapereka yankho labodza kwa mkulu wa ntchito. Ndinasaina osatsutsa. Patatha miyezi itatu kalata yondisamutsa inafika. Palibe ananena kuti ziwirizi zikugwirizana, ndipo sindinafunse.

Za dzanja la a Kachingwe ndinene zimene ndinaona, osawonjezera. Anayamba kugwira kapu, kumanga mabatani a malaya ndi kusaina dzina lawo mokhotakhota. Zala ziwiri zakumapeto sizinawongoke. Lole sanayendetsenso. Mayi Gondwe ankati manja ena amabwerera okha pakapita nthawi, ndipo palibe angalumbire kuti ndi gemu imene inachita. Chimene ankatsimikiza n'chakuti munthuyo sanajombe tsiku ngakhale limodzi kwa miyezi isanu ndi iwiri. Odwala ena anayi anayesako pambuyo pake. Awiri anaikonda, mayi mmodzi anati imamuchititsa chizungulire.

Ulendo wa ku Nambuma, zaka zitatu ndisanapume

Anandituma ku kachipatala ka kumbali ya Nambuma, kopanda magetsi, kumene ndinakhala mpaka tsiku lopuma. Anthu ake anali abwino ndipo sindinavutike. Inu munali kale m'tauni, n'chifukwa chake simunaone za kusamukako. Mukandifunsa ngati ndikanachitanso, ndinganene kuti gemuyo sindikanaichotsa, koma ndikanayamba ndagogoda pa ofesi ya a Mwale. Sindinawasungire chakukhosi. Tinakumana pamaliro ku Kasiya chaka chatha, tinapatsana moni bwinobwino n'kufunsana za ana.

Tsiku losamuka linali Loweruka. Boma linatumiza lole yaing'ono, ndipo dalaivala wake anali wachilendo m'deralo. Njira yolowera kunyumba kwanga inali yopapatiza, mbali ina ngalande, mbali ina mtengo wa mango, ndipo anayesa kawiri kubwerera chambuyo n'kulephera. A Kachingwe anali atabwera ndi akazi awo kudzatsanzikana, atanditengera thumba la mtedza. Anakhala pakhonde akuonerera, akupukusa mutu. Dalaivala atayamba ulendo wachitatu, anadzuka, anapatsa akazi awo ndodo, n'kukaima kumbuyo kwa lole pamene akanaonekera pagalasi.

“Achimwene, yang'anani ine, musayang'ane ngalande. Pindani chonse kumanja. Eya. Bwerani. Bwerani. Wongolani pang'ono. Bweranibe.”

Ankakodola ndi dzanja lamanja. Lole inadutsa pakati pa mtengo ndi ngalande osakhudza kanthu, n'kumayandikira khonde. Itatsala pang'ono, a Kachingwe anakweza dzanjalo m'mwamba, chikhatho chotambasula, zala zitatu zowongoka, ziwiri zopindika.

“Basi!”

Lole inaima. Tinayamba kukweza mipando.